Bungwe limene linapatsidwa zaka zisanu: mbiri ya Rebâtir Notre-Dame de Paris

Ku France, matchalitchi akuluakulu akale amene mumakhala mpando wa episkopi si a mpingo ayi, ndi a boma. Katundu wa mpingo analandidwa pa nthawi ya kuukira kwa 1789, ndipo lamulo la 1905 lolekanitsa mpingo ndi boma linasiya zinthu momwemo: ansembe azipempheramo, koma denga likadontha wokonza ndi boma. Matchalitchi otere alipo 87, ndipo onse amasamalidwa ndi unduna wa zachikhalidwe kudzera m'maofesi ake a m'zigawo. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris, chimene anayamba kumanga mu 1163, nacho chinkadikira pamzere womwewo ngakhale chinali chotchuka kuposa onse.

Mzerewo chinachokapo pa 15 Epulo 2019, Lolemba la Sabata Loyera. Alamu inalira cha m'ma 6:20 madzulo Misa ili mkati, koma mlonda amene anatumidwa kukaona anakwera denga lolakwika, ndipo mmene ankazindikira komwe kunali moto n'kuti mphindi pafupifupi 30 zitatha. Nsanja yosongoka ya pakati inagwa 8 koloko isanakwane, n'kuboola siling'i ya miyala. Mitengo ya denga, imene yambiri inadulidwa zaka 800 zapitazo, inapsa yonse. Ozimitsa moto oposa 400 anakwanitsa kuutsekereza pa nsanja ya mabelu ya kumpoto, ndiye chifukwa chake nkhope ya tchalitchicho idakalipo. Ofufuza sanapeze umboni woti wina anayatsa dala. Ankakayikira ndudu kapena nthambo zamagetsi.

Mawa lake madzulo Pulezidenti Emmanuel Macron anauza dziko pa wailesi ya kanema kuti akufuna tchalitchicho chimangidwenso m'zaka zisanu. Akatswiri ambiri anapukusa mitu, ena akuti zaka khumi, ena makumi awiri. Palibe anali atayeza n'komwe mmene moto unaonongera makoma. Koma mawu anali atatuluka, ndipo tsiku lotsatira a Macron anasankha munthu woti awasenze: Jenerale Jean-Louis Georgelin, amene anali mkulu wa asilikali onse a France kuyambira 2006 mpaka 2010. Sanali mmisiri, sanali katswiri wa nyumba zakale. Anali Mkatolika wopemphera, wa mawu aakulu, wosazolowera kubwereza lamulo kawiri. Ife timati mutu umodzi susenza denga. A Macron ankadziwa zimenezo, koma ankafuna pakhale mutu umodzi woti akaufunse denga likachedwa.

Ndalama zinabwera bungwe lisanabadwe. Moto usanazime n'komwe banja la Pinault linali litalonjeza kale mayuro 100 miliyoni. Banja la Arnault ndi kampani yake ya LVMH anati 200 miliyoni, banja la Bettencourt ndi L'Oréal 200 miliyoni, kampani ya mafuta ya Total 100 miliyoni. Imeneyi inali nthawi ya zionetsero za anthu ovala mavesiti achikasu odandaula za kukwera mtengo kwa zinthu, ndipo funso lawo silinali lopusa: ngati ndalama zotere zimapezeka usiku umodzi chifukwa cha miyala, zimakhala kuti anthu akamalira njala? Pamapeto pake panasonkhedwa mayuro 846 miliyoni kuchokera kwa opereka 340,000 a m'mayiko 150.

Pa 29 Julaye 2019 kunakhazikitsidwa lamulo lapadera la tchalitchi chimodzi chokhachi. Linanena mabungwe ololedwa kutolera zopereka, linachepetsa msonkho wa anthu wamba opereka, ndipo linalola kuti pakhale bungwe la boma loima palokha, la ntchito imodzi: kusunga ndi kukonzanso Notre-Dame. Linayamba ntchito pa 1 Disembala 2019, a Georgelin ali wapampando, ndipo anthu analizolowera ndi dzina lalifupi la Rebâtir Notre-Dame de Paris. Mu bodi yake munali oimira boma, oimira mzinda wa Paris ndi oimira dayosizi. Ogwira ntchito ake anali pafupifupi 40 okha. Bungweli silinkagwira nkhwangwa kapena tchizulo. Ntchito yake inali ya mwini nyumba: kusunga thumba, kulemba makampani, kuonetsetsa kuti amisiri asapondane mapazi, ndi kuwerenga masiku. Mapulani anali m'manja mwa akatswiri atatu a nyumba zakale, a Philippe Villeneuve, amene ankasamalira tchalitchichi kuyambira 2013, pamodzi ndi a Rémi Fromont ndi a Pascal Prunet.

Chaka chisanathe, oyang'anira kayendetsedwe ka chuma cha boma, a Cour des comptes, analikoka khutu. Mu Sepitembala 2020 anati si bwino kuti malipiro ndi lendi ya bungwelo, mayuro pafupifupi 5 miliyoni pachaka, zizichokera m'zopereka, popeza anthu anapereka kuti akonzere tchalitchi osati kulipirira ofesi ya boma.

Zaka ziwiri zoyambirira sikunamangidwe kanthu. Ntchito inali yoletsa zimene zinatsala kuti zisagwe. Tchalitchi cha mtundu uwu chimaima chifukwa mbali zake zimakankhana: siling'i ya miyala imakankhira makoma kunja, michirikizo ya miyala ya kunja imawakankhira mkati. Siling'i itabooka malo atatu, michirikizoyo inasanduka chiopsezo, moti 28 mwa iyo anaiikira mafelemu a matabwa pansi pake, iliyonse yopalidwa molingana ndi kupindika kwake. Kenako panali mtovu. Denga ndi nsanja zinali zokutidwa ndi matani oposa 400 a mtovu, ndipo fumbi lake linagwera paliponse, m'tchalitchi, pabwalo, mpaka m'masukulu oyandikana. Oyang'anira za chitetezo cha ogwira ntchito atadandaula, boma linatseka malowo kumapeto kwa Julaye 2019, n'kudzatsegula pa 19 Ogasiti ndi malamulo okhwima. Aliyense wolowa ankavula zovala zake zonse n'kuvala zotaya, ndipo potuluka ankasamba thupi lonse, kaya akungopita kukadya masana, kaya ndi nduna yobwera kudzaona. Mu Marichi 2020 mliri wa Covid-19 unadzaimitsanso ntchito kwa milungu ingapo.

Choopsa kuposa zonse chinali masikafodi. Moto usanabuke, nsanja ija inali ikukonzedwa, ndipo inali itazunguliridwa ndi mapaipi achitsulo 40,000 olemera matani 200. Nsanja inapsa n'kugwa, koma mapaipiwo anatsala chiimire m'mwamba, atasungunuka n'kumatirirana, ali lende pamwamba pa siling'i yosweka. Kukoka limodzi molakwika kukanagwetsa onse. Choyamba anawamanga lamba wa zitsulo kuti asagwedezeke. Kenako amisiri odziwa kugwira ntchito ali pa zingwe ankatsitsidwa kuchokera pamwamba, n'kumacheka paipi limodzi limodzi ndi macheka a batire, kireni ikunyamula. Pansi pawo panali timakina tomva kugwedezeka, ndipo tikalira aliyense ankathawa. Anayamba pa 8 Juni 2020, anamaliza pa 24 Novembala. Ntchito yonse yotchinjiriza inatha mu 2021, itadya mayuro pafupifupi 150 miliyoni.

Apa n'kuti mkangano wa nsanja utatha kale, koma unali utawira. Patangopita masiku awiri moto utachitika, nduna yaikulu a Édouard Philippe analengeza mpikisano wa dziko lonse lapansi wa pulani ya nsanja yatsopano, ndipo a Macron ankafuna chinthu chosonyeza nthawi yathu ino. Pa intaneti panadzaza zojambula: denga la magalasi, munda wa maluwa, mpaka dziwe losambiramo. Iwo ofuna zatsopano anali ndi mfundo, chifukwa nsanja imene inapsa sinali yakalekale. Anaimanga ndi Eugène Viollet-le-Duc mu 1859, m'malo mwa ina imene inagwetsedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo naye anawonjezera zake zambiri. Koma a Villeneuve ananena poyera kuti akangouzidwa kumanga nsanja yachilendo atula pansi udindo. Mu Novembala 2019 a Georgelin, akuyankha mafunso a komiti ya nyumba ya malamulo, anati katswiriyo atseke pakamwa, ndipo mawu amene anagwiritsa ntchito anali a kumsasa wa asilikali, moti nduna ya zachikhalidwe inawadzudzula. Pa 9 Julaye 2020 komiti ya dziko yoona za nyumba zakale inagwirizana ndi a Villeneuve, ndipo madzulo a tsiku lomwelo a Macron anagonja: nsanja, denga la mitengo ya oak ndi mtovu wake, zonse zibwerere mmene zinalili.

Ine ndimaona kuti amene anapambana pamenepa si okonda zakale, koma kalendala. Mpikisano ukanadya chaka, milandu ya otsutsa ikanadya china. Pomwe mapulani a Viollet-le-Duc anali osungidwa bwino, katswiri wina wophunzitsa ku America, Andrew Tallon, anali atayeza tchalitchi chonse ndi makina a laser, ndipo a Fromont, ali wophunzira mu 2014, anali atakwera m'denga ndi mnzawo n'kujambula mtanda uliwonse ndi mfundo zake. Njira yachidule inali yobwerera m'mbuyo. Malire a zaka zisanu, amene akatswiri ankaopa kuti aononga tchalitchi, ndi amene anachiteteza ku maganizo a mwini malirewo. Ndipo jenerale ndi katswiri wake anadzagwirizana kwambiri pambuyo pake.

Panafunika mitengo ya oak pafupifupi 2,000, ina ya m'nkhalango za boma, ina yoperekedwa ndi eni nkhalango. Yoyamba inasankhidwa kumayambiriro kwa 2021, ndipo inayenera kugwa Marichi asanathe, madzi asanayambe kukwera mumtengo. Isanu ndi itatu ikuluikulu yoikira pansi pa nsanja inachokera m'nkhalango ya Bercé. Ya nsanja inachekedwa ndi makina, monga zinkachitikira m'nthawi ya Viollet-le-Duc. Koma ya denga lalitali, limene linali la m'zaka za m'ma 1200, akalipentala a makampani a Perrault ndi Desmonts anaisema ndi nkhwangwa, ili yaiwisi, mtengo umodzi kutulutsa mtanda umodzi. Sikunali kukonda zakale chabe. Macheka amadula mosasankha, pomwe nkhwangwa imatsata mitsempha ya mtengo, mtima wake n'kutsala pakati, ndiye mtandawo supindika kwambiri ukamauma. Kalipentala ankalemba mzere ndi chingwe chopaka utoto, n'kutema timipata m'mbali mwa chipika, kenako n'kumagamphula zapakati pa timipatato, pomaliza n'kusalaza ndi nkhwangwa yotakata. Amisiri osula anachita kusulira ntchitoyi nkhwangwa zapadera. Mitandayo analumikiza ndi zikhomo za mtengo, ndipo felemu iliyonse ankayamba aiimika kumalo awo ogwirira ntchito kuti aone ngati ikugwirana asanaitumize ku Paris. Chatsopano chimene anawonjezera m'dengamo ndi makoma otchinga moto, makamera omva kutentha, ndi mapaipi opopera nkhungu ya madzi.

Mkati, mdani anali fumbi ndi madzi. Ozimitsa moto anathira madzi ochuluka, ndipo madziwo polowa m'miyala anadzutsa mchere umene ukauma umafumbutsa mwala. Amisiri anayamba ayesera m'tizipinda tiwiri topemphereramo ta m'mbali, ka Ferdinand Woyera ndi ka Maria wa ku Guadalupe, kuti aone njira yoyenera. Kenako anagwira makoma onse, malo okwana masikweya mita 42,000. Poyamba ankayamwa fumbi la mtovu ndi makina. Akatero ankapaka phala la mphira, n'kulisiya liume. Likauma ankaligwira pangodya n'kulikoka, ndipo linkasendeka lonse lili bii, kumbuyo kwake mwala uli mbee. Pamene panalowa mchere ankamatapo dongo losakaniza ndi mchenga kuti liukoke. Mabowo a siling'i anawatseka ndi miyala ya m'migodi ya ku Oise ndi ku Aisne, yofanana ndi yakale, yomangidwa ndi matope a laimu.

Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti litsiro lambiri silinali la moto. Linali mwaye wa makandulo, fumbi la mumzinda ndi mpweya wa alendo, zimene zinaunjikana kuyambira nthawi ya Viollet-le-Duc. Mibadwo ingapo inakula ikudziwa kuti Notre-Dame ndi tchalitchi chamdima, ndipo ena atachiona chowala anadandaula kuti chaoneka chatsopano kwambiri. Zojambula za m'makoma a tizipinda ta kumbuyo kwa guwa, zimene zinali zitasanduka zotuwa, zinatulukanso zobiriwira, zofiira ndi zagolide. Mawindo atatu ozungulira otchuka aja anapulumuka. Mawindo a m'mwamba anawazula n'kuwagawira amisiri a magalasi a ku France, ndipo anayi anapita kwa amisiri a tchalitchi chachikulu cha ku Cologne ku Germany. Limba lalikulu silinapse, koma mapaipi ake pafupifupi 8,000 analowa fumbi la mtovu. Analiphwasula mu 2020, n'kulitsuka m'malo atatu a kummwera kwa dziko, ndipo atalibwezera, okonza mawu ake anagwira ntchito usiku kwa miyezi ingapo, chifukwa masana phokoso la nyundo silinkalola khutu kumva.

Pansi panatulukanso zina. Mu 2022, asanaimike masikafodi a nsanja yatsopano, akatswiri ofukula zakale anakumba pakati pa tchalitchi n'kupeza mabokosi awiri a maliro a mtovu, limodzi la wansembe Antoine de la Porte amene anamwalira mu 1710, komanso zidutswa zambiri za khoma losemedwa la m'zaka za m'ma 1200, utoto udakalipo. Iwo ankafuna kukumbabe. Bungwe linawawonjezera milungu yochepa, kenako linati basi. Apa ndiye pamene kalendala ija inaluma.

A Georgelin sanaone mapeto. Pa 18 Ogasiti 2023 anagwa akukwera mapiri a Pyrenees n'kumwalira ali ndi zaka 74. Udindo unapita kwa wachiwiri wawo, a Philippe Jost, injiniya wofatsa amene kwenikweni ndiye ankayendetsa mapepala kuyambira pachiyambi, ndipo ntchito sinaime. Dzina la jenerale analisema pa mtengo wa kunsonga kwa nsanja. Pa 16 Disembala 2023 Arkiepiskopi Laurent Ulrich anadalitsa tambala watsopano wa kopa, wojambulidwa ndi a Villeneuve, ndipo kireni inamukweza pa mamita 96. Mkati mwake anaikamo mayina a anthu pafupifupi 2,000 amene anagwira ntchitoyi m'makampani 250.

Malire a pakati pa boma ndi mpingo anaonekera pa zinthu za mkati. Makoma ndi a boma, koma guwa, mpando wa episkopi, mtsuko wa ubatizo ndi mipando ya akhristu ndi za dayosizi, imene inalipira ndi thumba lake. Inasankha a Guillaume Bardet kupanga guwa ndi zinzake za mkuwa, zosakongoletsa, ndi mayi Ionna Vautrin kupanga mipando 1,500. Nduna ya zachikhalidwe, mayi Rachida Dati, itati alendo azilipira mayuro asanu pakhomo, mpingo unakana. Pa 7 Disembala 2024 a Ulrich anagogoda chitseko ndi ndodo ya ubusa yosemedwa ku mtanda umene unapulumuka pamoto. A Macron amayenera kulankhulira panja, polemekeza lamulo la 1905, koma mphepo ndi mvula zinawalowetsa mkati. Mawa lake guwa linadalitsidwa ndipo Misa inachitika. Zinali zaka zisanu ndi miyezi pafupifupi isanu ndi itatu, ndipo panali patapita mayuro pafupifupi 700 miliyoni.

Amene amaima kutsogolo angaganize kuti ntchito inatha. Azungulire kumbuyo. Mbali ya kummawa, kumene kuli michirikizo italiitali, moto sunaiononge kwenikweni, koma inali yodwala kale. Mu 2017 atolankhani ankaonetsedwa timiyala tosemedwa titagumuka n'kuunjikidwa pabwalo la kuseri, matabwa atakhomedwa pamene panali mpanda wa miyala, ndi mapaipi a pulasitiki ali pamalo pa zilombo zosema zija zimene zimalavula madzi a padenga. Nthawi imeneyo boma linkapereka mayuro pafupifupi 2 miliyoni pachaka, pomwe pankafunika oposa 100 miliyoni, moti dayosizi inakhazikitsa bungwe la Friends of Notre-Dame de Paris kuti likapemphe ku America. Ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo. Zili ngati abale amene sabwera ndi phala munthu ali chigonere, koma tsiku la maliro amadzaza mbale ya chipepeso. Kusiyana kwake n'kwakuti wodwala uyu anadzuka, ndipo chipepeso chinatsala: mayuro pafupifupi 140 miliyoni. Opereka akuluakulu anavomera kuti zipite ku makoma a kunja, ndipo kuyambira 2025 masikafodi anasamukira kumbuyoko. Matchalitchi ena 86 aja alibe mwayi wotere. Cha ku Nantes chinapsa mu Julaye 2020, limba lake lakale n'kutheratu, koma dziko silinasonkhe chimodzimodzi.

Mu 2025 momwemo ziboliboli 16 za kopa zinabwerera patsinde pa nsanja. Zinapulumuka chifukwa anazitsitsa kukazikonza masiku anayi moto usanabuke. Nsanja za mabelu zinatsegulidwa kwa alendo mu Sepitembala.

Mkangano umene bungweli linatsala nawo unali wa mawindo. A Macron, atalephera pa nsanja, anabwereranso mu Disembala 2023 ndi ganizo la mawindo amakono m'tizipinda tisanu ndi kamodzi ta mbali ya kummwera, ndipo arkiepiskopi ankafunanso zomwezo. Vuto linali loti mawindo amene analipo, a Viollet-le-Duc, sanapse, sanasweke, ndipo anali atatsukidwa kale. Mu Julaye 2024 komiti ya dziko ija inakana yonse ndi mawu amodzi. Boma linapitirira, ndipo mu Disembala 2024 linasankha wojambula Claire Tabouret, ndi amisiri a magalasi a Simon-Marq a ku Reims, kuti ajambule nkhani ya Pentekoste. Anthu oposa 200,000 anasaina kalata yotsutsa, ndipo gulu la Sites & Monuments linakasuma. Silinanene kuti zojambula za mayi Tabouret n'zoipa. Linaloza lamulo la 29 Julaye 2019, limene linapatsa bungweli ntchito ziwiri zokha, kusunga ndi kukonzanso, n'kufunsa kuti kuzula windo labwinobwino kukugwera pati pa ziwirizi. Pamenepa ine ndili kumbali ya osumawo.